Mkodzo Wofiira: Mbiri ya Likodzo ndi Chisamaliro cha Ana

Kwa mibadwo yambiri, mwana wokodza magazi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo sankawerengedwa kuti ndi wodwala. Ankadzuka, nkudya, nkupita kubusa kapena kokawedza, madzulo nkubwerako ndi njala yake. Magaziwo ankatuluka madontho owerengeka kumapeto kwa mkodzo, tsiku lina ndi ululu wowotcha, tsiku lina popanda. Popeza anzake onse a msinkhu wake ankatero, panalibe kholo lodera nkhawa. M'madera ambiri a Africa akuluakulu ankafika poti ndi chizindikiro chakuti mnyamata akukula. Za atsikana sizinkakambidwa nkomwe.

Nthendayi ndi yakale kuposa chipatala chilichonse. Mu 1910 Marc Armand Ruffer, akupima mitembo iwiri youmikidwa ya ku Egypt ya zaka pafupifupi 3,000, anapeza mazira a nyongolotsi ya likodzo ali mu impso. Asilikali a Napoleon atalowa m'dzikolo mu 1798, ambiri anayamba kukodza magazi, madokotala awo nkumanamizira kutentha kwa dzuwa. Chilombocho chinaoneka ndi maso mu 1851, pamene Theodor Bilharz, dokotala wa ku Germany wa zaka 26, ankang'amba mtembo pachipatala cha Kasr el-Aini ku Cairo. M'mitsempha ya magazi anapezamo tinyongolotsi toyera, kamphongo katanyamula kakakazi mumng'alu wa thupi lake. Bilharz anamwalira mu 1862 asanadziwe kuti tinyongolotsito timalowa bwanji mwa munthu, ndipo funsolo linazunguza akatswiri kwa zaka zina zoposa 50. Ena ankati nkumwa madzi oipa, ena ankati munthu amapatsira munthu mnzake mwachindunji.

Yankho linayambira ku Japan, kumene Miyairi ndi Suzuki anasonyeza mu 1913 kuti mtundu wa kumeneko umadutsa mu nkhono. Mu 1915 boma la Britain, poopa kuti asilikali ake a ku Egypt adwala nkhondo ili mkati, linatumiza Robert Leiper. Iye anatola nkhono m'ngalande za mudzi wa El Marg pafupi ndi Cairo, ndipo anatsimikiza kuti likodzo la m'chikhodzodzo ndi la m'matumbo ndi nyongolotsi ziwiri zosiyana, iliyonse ndi nkhono yake. Ulendo wa nyongolotsizi ndi uwu. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, timphutsi nkusambira kufunafuna nkhono. M'kati mwa nkhono timaswana kwa milungu ingapo, kenako nkutuluka miyandamiyanda, makamaka dzuwa likakwera, nthawi yomwe ana amakonda kusambira. Timaboola khungu lopanda bala, nkuyenda ndi magazi, nkukakhwimira ku chiwindi, ndipo tikakwatirana timakakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Leiper anaonanso kuti madzi akatungidwa nkukhala masiku awiri, timphutsito timafa. Kunena zoona, pofika 1915 zonse zofunika kuti munthu apewe likodzo zinali zitadziwika. Chomwe panalibe ndi mjigo, chimbudzi ndi malo ena oti mwana akasewereko kukatentha.

Chimene chimawononga mwana si nyongolotsiyo koma mazira ake. Yaikazi imaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse, kwa zaka zingapo. Ena amaboola khoma la chikhodzodzo nkutuluka ndi mkodzo, ndiwo magazi aja. Ambiri amakodwa m'mnofu, thupi nkuwazinga ndi zipsera. Zipserazo zikachulukira potulukira timapaipi totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, njira imachepa, mkodzo nkumabwerera m'mwamba, impso nkumatupa pang'onopang'ono popanda ululu wochenjeza. Mwanayo magazi amamuchepera, sakula bwino, m'kalasi amangosinza. Choipa kwambiri nchakuti akamafika paunyamata kukodza magazi kuja kumachepa kapena kusiyiratu, aliyense nkumati wachira, pamene zipsera zatsala. Kwa ena mapeto ake ndi impso zolephera kapena khansa ya chikhodzodzo ali ndi zaka 40. Kwa atsikana mazira amakafikanso kumaliseche ndi khomo la chiberekero, nkuyambitsa zilonda zimene kuchipatala kawirikawiri amazisokoneza ndi matenda opatsirana pogonana. Mtsikana wa sitandade 6 amene sanagonepo ndi mwamuna angathe kukalipidwa kwaulere chifukwa cha madzi amene amatsukiramo mbale.

Kuno kwathu, m'nthawi ya Nyasaland, likodzo linalembedwa m'malipoti a madokotala koma silinawerengedwe ngati vuto lofulumira, chifukwa silinkapha msanga ngati nthomba kapena kaodzera. W. H. Dye analemba za kuchuluka kwake kumpoto kwa nyanja, cha ku Karonga, mu 1924, ndipo Oliver Ransford analemba za ku Nkhotakota mu 1948. Mankhwala analipo. Mu 1918 John Christopherson, ali ku Khartoum, anafalitsa kuti mankhwala otchedwa tartar emetic amapha nyongolotsizi. Koma anali mankhwala ankhanza. Ankabayidwa mumtsempha, majakisoni pafupifupi 12 otalikirana kwa mwezi wathunthu. Wodwala ankatsokomola, kusanza, kumva kuphwanya m'mfundo, ndipo nthawi zina mtima unkaima. Dontho likaphonya mtsempha, mnofu unkaola pamalopo.

Madokotala achizungu anali owerengeka, choncho ntchito yeniyeniyo inali m'manja mwa othandizira ndi anamwino akuda ophunzitsidwa m'zipatala za mishoni monga Livingstonia, Blantyre, Nkhoma ndi Likoma, komanso za boma. Ndiwo ankafunafuna mtsempha padzanja lowonda la mwana wolira, kuwiritsa singano, kukhala pambali pake mpaka kusanza kutaleka, ndi kunyengerera mayi kuti abwerenso mkuja. Ambiri sankabwerako, ndipo sindingawadzudzule. Mayi wayenda mtunda wautali ndi mwana amene amasewera bwinobwino, nkubwerera naye akusanza. Amuuze chiyani mwamuna wake? Maina a anamwino amenewa sapezeka m'mabuku a mbiri ya likodzo, muli maina a amene analemba malipoti. Kuti ntchito ya jakisoniyi inkafuna chisamaliro chotani, Egypt ndiye mboni. Kumeneko boma linabaya anthu mamiliyoni kuyambira m'ma 1950 mpaka kumayambiriro kwa ma 1980, singano zosawiritsidwa bwino zikuyenda kuchoka pamkono wina kupita pa wina, ndipo dzikolo linatsala ndi mliri wa matenda a chiwindi a hepatitis C woposa pafupifupi dziko lina lililonse.

Ufulu utabwera, zinthu ziwiri zinakulira limodzi. Unamwino unakhazikika: sukulu ya boma yophunzitsa anamwino inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba linakhazikitsidwa mu 1966, ndipo Kamuzu College of Nursing inayamba mu 1979. Anthu olembedwa ntchito yobaya katemera wa nthomba, kenako yolimbana ndi kolera wa mu 1973, ndiwo anadzasanduka alangizi a zaumoyo amene timawaona panjinga m'midzi lero. Nthawi yomweyo ulimi wothirira unafalikira: masikimu a mpunga monga Likangala, Domasi, Limphasa, Hara ndi Wovwe, ndi minda ya nzimbe ya m'chigwa cha Shire. Ngalande ya madzi oyenda pang'onopang'ono, ofunda, a udzu m'mbali, ndi mudzi wabwino wa nkhono, ndipo ana othamangitsa mbalame m'mpunga amakhala m'madzi tsiku lonse. Mankhwala opha nkhono anayesedwa m'malo ena, koma ndi odula, amaphanso nsomba, ndipo mvula ikagwa nkhono zimabwerera. Mapiritsi a m'ma 1960 ndi 1970 anachepetsa majakisoni, koma ena ankasokoneza mutu, ena ankafuna kumwa katatu motalikirana milungu iwiri.

Kusintha kwenikweni kunadza ndi praziquantel, amene makampani a ku Germany a Bayer ndi Merck anapanga m'ma 1970. Amamwa kamodzi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo amapha mitundu yonse iwiri. Poyamba mtengo wake unali wosafikirika, mpaka kampani ya ku South Korea ya Shin Poong inapeza njira yotchipa yopangira m'ma 1980. Funso linatsala linali lakuti apatsidwe ndani, pakuti si chipatala chilichonse chinali ndi makina oonera mazira mumkodzo. Kumayambiriro kwa ma 1990 kafukufuku wothandizidwa ndi bungwe la WHO m'maiko 7 a mu Africa, Malawi ndi Zambia ali momwemo, anayesa njira yosavuta modabwitsa: aphunzitsi azifunsa ana ngati anakodzapo magazi m'masiku apitawa. Mayankho a anawo anakwanira kuloza masukulu ovutika kwambiri. Kwa ine apa ndi pamene mbiriyi inakhotera. Funso limene kwa zaka mazana palibe ankaona chifukwa cholifunsira linakhala chida cha unduna wa zaumoyo.

Za nyanja ya Malawi zili ndi nkhani yakeyake. Mpaka m'ma 1980 ankakhulupirira kuti magombe ake a mchenga ndi mafunde alibe likodzo, kuti limakhala m'matamanda ndi m'mabango mokha, momwe mumapezeka nkhono yotchedwa Bulinus globosus. Mu 1992 anthu awiri a ku America ogwira ntchito yodzipereka ya Peace Corps anadwala kwambiri, mazira atakafika wina muubongo, wina mumsana, ndipo onse anali atasambira ku Cape Maclear. Chaka chotsatira akatswiri a ku America anapima magazi a alendo okhala m'Malawi pafupifupi 1,000 nkupeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anagwidwapo ndi likodzo. Nkhani inamveka dziko lonse, mabuku a alendo nkuyamba kuchenjeza. Ana a m'mudzi wa Chembe, amene ankasamba pagombe lomwelo m'mawa ndi madzulo, anali akukodza magazi kale. Sindikukumbukira kuti iwo anagwedezapo dziko chotero. Komabe phokosolo linabala kafukufuku wothandiza. Jay Stauffer, Henry Madsen ndi anzawo anasonyeza kuti nkhono ina ya mumchenga, Bulinus nyassanus, inali itayamba kufalitsa nthendayi, ndipo inachuluka pamene nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zinachepa kwambiri chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokera m'mbali mwa gombe. Maneti a udzudzu osanduka ukonde anangowonjezera. Chikhodzodzo cha mwana wa ku Chembe chinapezeka kuti chikudalira khoka la atate ake.

Mu 2001 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti ana a sukulu osachepera 75 mwa 100 alionse m'madera a likodzo azilandira mankhwala kawirikawiri. Merck inayamba kupereka mapiritsi aulere mu 2007, ndipo Malawi inayamba kugawa mankhwala kwa ana ambirimbiri chaka ndi chaka cha m'ma 2009. Amene anakhalapo pasukulu tsiku logawa akudziwa mmene zimakhalira. Sikelo sapezeka paliponse, choncho mwana amaimikidwa pa ndodo yolembedwa mizere: wa masentimita 94 piritsi limodzi, kukwera mpaka mapiritsi 5 kwa wamtali kuposa masentimita 178. Piritsi lake ndi lalikulu, la mamiligalamu 600, ndipo ndi lowawa kwadzaoneni. Lamulo loyamba nlakuti mwana adye kaye. Akamwa ndi njala amamva chizungulire, m'mimba kupota, ena kusanza kapena kukomoka kumene, makamaka amene ali ndi nyongolotsi zambiri. Ana atatu akagona pansi pa mtengo pasukulu imodzi, mawa lake mudzi wonse wamva kuti mankhwalawo ndi olera kapena ndi a zamatsenga, ndipo chaka chamawa makalasi amakhala opanda anthu. Mlangizi wa zaumoyo wodziwa ntchito amayamba kwa amfumu ndi komiti ya sukulu sabata isanafike, nkupempha kuti phala liphikidwe m'mawa, nkunena poyera kuti ena achita chizungulire ndipo chitha. Chipambano cha ntchito ya mamiliyoni chimagona pa mphika wa phala umenewo.

Kugawa kumeneku kwathandiza, sindikutsutsa. Likodzo lamphamvu lachepa m'madera ambiri, ndipo mwa mwana impso yotupa kawirikawiri imabwerera mwakale pakapita miyezi ingapo atamwa mankhwala, zomwe mwa wamkulu wa zipsera zouma sizichitika. Koma praziquantel sateteza mwana amene abwerera m'madzi Loweruka lomwelo, ndipo sapha tinyongolotsi tanthete tongolowa kumene. Kwadzanso chizolowezi china chimene anamwino achikulire amachidandaula: chakuti mkodzo wofiira uliwonse ndi likodzo, mwana apatsidwe mapiritsi azipita.

Apa ndi pamene namwino wa m'wodi ya ana amasiyana ndi wogawa mankhwala. Iye amafunsa kuti magaziwo amabwera liti. Akamadontha kumapeto, mwana ali wa kunyanja kapena kusikimu, likodzo ndi loyamba kuliganizira, ndipo mkodzo wokapima umatengedwa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, pamene mazira amatuluka ambiri. Koma mkodzo wonse ukakhala wodera ngati tiyi wopanda mkaka, wochepa, mwana atatupa zikope m'mawa, namwino amayang'ana miyendo ndi pakati pa zala. Zilonda za mphere zimene zinachita mafinya milungu itatu yapitayo, kapena zilonda za kukhosi, zimatha kuyambitsa kutupa kwa tizisefa ta mu impso. Mwana wotere kuthamanga kwa magazi kumakwera mpaka kukomoka, ndipo kumupatsa dilipu yambiri nkumumiza. Mkodzo wakuda mwa mwana wotentha thupi ungakhale malungo aakulu amene akuswa magazi ndipo angatseke impso. Magazi mumkodzo pamodzi ndi chotupa cholimba mbali imodzi ya mimba mwa mwana wa zaka zitatu ndi khansa ya impso yotchedwa Wilms mpaka zitatsimikizika kuti si iyo, ndipo imachizika akafika msanga ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central. Kamnyamata kakhanda kokodza modontheza, kochita kudzikakamiza, kangakhale kanabadwa ndi chotchinga m'njira ya mkodzo.

Kutupa nako kuli ndi msampha wake. Mwana wotupa nkhope, mimba ndi miyendo, kumudzi amayamba aganiza za tsempho, makolo nkumalozana chala, mwana nkumamwetsedwa mankhwala a zitsamba kwa milungu. Kuchipatala chaching'ono angamuyese wa matenda osowa zakudya m'thupi. Koma alipo ana amene impso zawo zikutaya mapuloteni mumkodzo, mkodzowo nkumachita thovu, ndipo kapepala kopimira mkodzo kamaulula zimenezi m'mphindi imodzi. Namwino wanzeru sakangana ndi agogo za tsempho pakhomo la wodi. Amangofunsa modekha kuti mwana wamwa chiyani ndipo kangati, chifukwa zitsamba zina, monganso mapiritsi ena opha ululu ogula pagolosale, zimamaliza impso yofooka kale.

Zotsala ndi ntchito yosaoneka, yobwerezabwereza. Kuyeza mwana pasikelo imodzimodziyo m'mawa uliwonse asanadye. Kulemba madzi onse olowa ndi mkodzo wonse wotuluka. Kwa khanda, kuyeza thewera louma ndi lonyowa, galamu imodzi kuwerengedwa mililita imodzi. Kufunafuna lamba wopimira kuthamanga kwa magazi wokwana kamkono ka mwana, chinthu chimene m'zipatala zambiri chimasowa. Popeza namwino mmodzi amayang'anira ana makumimakumi usiku, zambiri mwa izi amachita ndi mayi kapena agogo odikirira, amene amapatsidwa botolo lodulidwa pakamwa nkuphunzitsidwa kusunga mkodzo ndi kusathira mchere m'ndiwo za mwana. Kufotokozera mayi kuti mwana wolira ndi ludzu asapatsidwe madzi opitirira muyeso ndi ntchito yovuta kuposa kubaya jakisoni. Ndipo pali chifukwa chomveka choti zonsezi zichitike molondola: makina osefa magazi ali m'zipatala zazikulu zowerengeka, ndipo anapangidwira akuluakulu. Kwa mwana wamng'ono njira yotheka ndi yosefera m'mimba, kulowetsa madzi apadera kudzera m'kapaipi nkuwatulutsa, maola ndi maola, namwino ali pompo kuwerenga ndi kusamala kuti majeremusi asalowe.

Gulu limene mbiri yonseyi inalidumpha ndi la ana osakwana zaka 5. Ankati sasambira, ndiye sangadwale. Koma mayi akamachapa kumtsinje mwana amakhala m'madzi osaya pambali pake, ndipo khanda limasambitsidwa ndi madzi ongotungidwa kumene. Kafukufuku wa ku Chikwawa wofalitsidwa mu 2014 anapeza likodzo mwa ana ambiri osayamba sukulu, monganso anapeza ofufuza a ku Uganda ndi kwina. Ana amenewa ndodo ija siwafikira, pasukulu sapezekapo, ndipo piritsi lalikulu lija lingawatsamwitse. Anamwino ankaliphwanya nkusakaniza ndi madzi a shuga, theka nkulavulidwa. Mu 2022 WHO inalangiza kuti kugawa kuziyambira pa zaka ziwiri m'madera amene nthendayi ndi yofala. Piritsi la ana lotchedwa arpraziquantel, laling'ono, losungunuka m'madzi ndi losawawa kwambiri, linavomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya mu December 2023, kwa ana a miyezi itatu mpaka zaka 6. Panali patatha zaka zoposa 40 chiyambire akuluakulu kumwa lawo. Mlingo wake umatsata kulemera kwa mwana, choncho malo ake enieni ndi kusikelo ya ana, m'manja mwa namwino ndi mlangizi wa zaumoyo.

Nkhono nazo sizinakhale chete. Mu 2017 ofufuza anapeza nkhono ya Biomphalaria pfeifferi m'magombe a Mangochi, kumene sinkadziwika kale, ndipo chaka chotsatira anatsimikiza kuti ana a sukulu a m'mbali mwa nyanja kumeneko ayamba kudwala likodzo la m'matumbo, ena ali ndi mitundu yonse iwiri. M'mikodzo ya ana ena a kum'mwera kwa dziko mwapezekanso mazira a nyongolotsi zosakanizika ndi za ng'ombe, zomwe zikutanthauza kuti dziwe lomwera ziweto lalowa m'nkhaniyi. Likodzo la m'matumbo silifiiritsa mkodzo. Limatupitsa chiwindi ndi kapamba mwakachetechete, ndipo funso lija la aphunzitsi silingaligwire. Ku Mangochi namwino wofuna kudziwa chimene chikudya mwana ayenera tsopano kupempha mabotolo awiri, la mkodzo ndi la chimbudzi.